Maliro a ku Leonora pa Sabata ya Mbendera

Mu Januwale 2022 ine ndi amuna anga tinayenera kukalumbira unzika wa Australia pa 26, tsiku limene dziko lino limachita chikondwerero chake chachikulu. Tinali titadikira zaka zambiri. Ine ndimasamalira okalamba panyumba ina ku Mirrabooka, mumzinda wa Perth, ndipo iwo, a Malunga, amayendetsa fokolifiti mosungira katundu ku Welshpool. Chibwerereni kuno, tsiku limeneli kwa ife Amalawi linali lowotcha nyama kupaki, ana akuthamanga ndi timbendera, madzulo n'kukaonerera makombola m'mbali mwa mtsinje. Chaka chimenecho a Malunga anali atalengeza kale pagulu lathu kuti tikachoka kolumbira tikalunjika kupaki komweko.

Kutatsala sabata imodzi, kwa aneba kunagwa zovuta.

Anti Doreen amakhala kuseri kwa mpanda wathu. Ndi mayi wachikulire wa mtundu wa Wongi, mmodzi wa eni nthaka ya dziko lino amene timawatcha Aaborijini, ndipo kwawo ndi kuchipululu cha migodi ya golide. Mayi anga atamwalira ndi korona ku Dedza chaka cham'mbuyo mwake, malire anali otseka, ndiye maliro ndinaonera pafoni nditakhala pansi m'khitchini. Anti anamva kulira, analowa osagogoda, anavula nsapato n'kukhala pambali panga mpaka foni inazima. Sanandifunse chilichonse.

Tsopano achimwene awo anali atamwalira ku Leonora. Anti maso anali atachita ng'ala, adokotala atawaletsa kuyendetsa galimoto. Mwana wawo wamwamuna anali kuchigawo china, ku Queensland, ndipo malire a chigawo chathu anali chitsekere. Iwo anangondipempha kuti ndikawatule ku sitima ya ku Kalgoorlie, kuti kumeneko akaona chochita.

"Bambo a Yankho, Anti tiwaperekeze," ndinatero madzulo ake.

"Ku siteshoni? Palibe vuto."

"Ku Leonora."

Anatulutsa foni n'kuyang'ana mapu nthawi yaitali. "Mayi a Yankho, mukudziwa kuti ndi ngati kuchoka ku Blantyre mpaka ku Karonga?"

"Maliro ndi Lolemba. Lachiwiri tabwerera, Lachitatu talumbira."

"Bola Lachiwiri lisatipeze tikadali kutchire," anatero, n'kutuluka kukayang'ana matayala.

Tinanyamuka Loweruka m'mamawa, ana titawasiya kwa mayi wina wa kutchalitchi. Sabata yonseyo Perth inali ikuwotcha ngati Nsanje mu Okutobala. Mu buti tinaika zigubu za madzi, mandasi amene ndinakazinga, zitenje zanga ndi duku. Anti anabwera ndi mabulangete, masamba a tiyi, shuga ndi ufa wa tirigu. Nditaona shugayo ndinadziwa kuti maliro a kwawo ndi a kwathu sasiyana kwenikweni.

Mwana wathu Yankho anali atakoleka timbendera tiwiri m'mawindo a galimoto pokonzekera Lachitatu lija. Ndinachita manyazi, n'kuyamba kuchotsa Anti asanaone. Koma anali ataona kale.

"Kamodziko kasiye, Esime," anatero m'Chingerezi chawo chokoka. "Anthu akuda atatu m'galimoto imodzi, kambenderako katithandiza kwa apolisi."

A Malunga anaseka mpaka kutsokomola, ndipo kambendera kanatsala.

Tinadutsa Midland misewu isanadzaze, n'kukwera mapiri aja a kum'mawa kwa mzinda. Ku Northam tinaima kumwa tiyi. Masiku amenewo paliponse polowa unkayamba wavala masiki n'kujambula kachizindikiro ka pakhomo ndi foni, ndipo foni ya Anti inkakana, ndiye ndinkawalembera dzina ndine. Kuchoka apo kunali minda ya tirigu yokolola kale mbali zonse, ndi chipaipi cha madzi chimene chimayenda ndi msewu mpaka ku migodi. Anti anati kumeneko nawonso ndi alendo, chifukwa ndi dziko la anthu a mtundu wa Noongar, ndipo lawo likayamba nthaka ikafiira.

Ndi pamenepo pamene ndinapalamula. Ndinati, "Anti, kodi achimwene anuwo dzina lawo anali ndani?"

Anti anandigwira paphewa kuchokera kumpando wakumbuyo. "Sitiwatchulanso, mwana wanga. Uzingoti akulu aja. Ngakhale amene ali ndi dzina lofanana nalo, kwa kanthawi timawaitana mwina."

Ndinapepesa. A Malunga anandiyang'ana cham'mbali, n'kunena m'Chichewa kuti, "Mwayambapo tisanafike n'komwe."

Tisanalowe mu Merredin tinaima pamalo ena omwetsera mafuta. M'sitolo monse munali mbendera, zipewa za mbendera, ngakhale mapatapata a mbendera. Mtsikana wogulitsa ataona chingwe cha kuntchito chimene ndimamangirira makiyi anati, "Ndinu a zachipatala? Zikomo kwambiri pa zimene mukutichitira nthawi inoyi." Kenako anatembenukira kwa Anti n'kuwauza kuti chikwama chawo achisiye pakhomo.

"Nanga changa chili paphewachi bwanji simunanene?" ndinamufunsa.

Anafiira nkhope, n'kuti ndi lamulo la eni sitolo. Anti anaika chikwama pansi, anagula ayisi wawo, analipira, anathokoza. Titabwerera m'galimoto a Malunga ankafuna kutsika kuti akalankhule ndi bwana wake.

"Yendetsa galimoto, Malunga," anatero Anti. "Ndikamakwiya pa sitolo iliyonse sindingafike kumaliro."

A Malunga anamvera, tinabwerera mumsewu. Koma amuna anga si munthu wosunga funso m'mimba.

"Anti, mundikhululukire, ndifunseko. Tsiku la 26 limeneli linakulakwirani chiyani? Zombo za atsamunda zinafika kalekale, komanso ku Sydney, kutali ndi kuno. Ife dziko lino latipatsa ntchito, ana akuphunzira. Tisathokoze?"

"Thokozani. Masiku ndi ambiri pachaka."

"Koma boma linasankha limeneli."

"Linasankha, ife osatifunsa. Ndilo tsiku limene anakwezera mbendera yawo n'kunena kuti dziko lilibe mwini. Zonse zinatigwera pambuyo pake zinayambira pamenepo." Anatafuna ayisi pang'ono. "Ine sindikuletsa kulumbira, mwana wanga. Lumbira, uvale bwino, undibweretsere chithunzi. Ine tsiku limenelo ndimatseka makatani basi."

A Malunga anati amva, koma ndinaona kuti sanakhutire. Anakweza wailesi, inangolira phokoso, anaizimitsa.

Titapitirira Southern Cross minda inatha, kunayamba tchire la mitengo yofiira makungwa. Dzuwa linali paliwombo. Ndinali nditayamba kuwodzera pamene a Malunga anati, "Kamuvi ka kutentha kwa injini aka kakukwera." Asanamalize, nthunzi inatuluka kuboneti. Anaimika galimoto m'mbali mwa msewu. Titadikira kuti injini izizire, anapeza kuti paipi ya madzi yopita ku rediyeta yang'ambika motalika ngati chala.

Netiweki kunalibe. A Malunga anakwera pachulu, foni ili m'mwamba, anatsika ali thukuta lokhalokha. Anayesa kumanga paipiyo ndi mphira ya chubu, tinathira chigubu chimodzi cha madzi, onse anathera pansi. Anati ayende wapansi kubwerera kumene tinaona nyumba, ine ndinakana, Anti nawonso anakana. Tinamanga zitenje ziwiri pakati pa chitseko cha galimoto ndi kamtengo, n'kukhala pansi pake.

Ntchentche za kumeneko sizimva kuingitsa. Zimafuna m'maso ndi m'kamwa, moti masiki aja, amene tinkadandaula nawo ku Perth, tinawavala mwa kufuna kwathu. Mathiraki okoka ngolo zitatuzitatu ankadutsa n'kutiwaza mchenga, chitenje n'kumasuka, ine n'kumanganso. Galimoto zing'onozing'ono zinadutsa zingapo. Ena ankachepetsa liwiro, kutiyang'ana, n'kupitirira. Mandasi anafewa ndi kutentha, tinadya choncho.

Anti anali atatambalala pansi, akusefa dothi lofiira m'zala. Osayang'ana aliyense anati, "Msewu uno ndinaudutsa koyamba ndili kamwana, kulowera uko tachokeraku. Ndinali pambuyo pa lole ya boma."

Anafotokoza mosakweza mawu. Anthu a boma anabwera ndi wapolisi pamsasa wawo m'mawa wina, amuna atapita kukagwira ntchito ya nkhosa. Anatenga ana amene khungu lawo linali loyererako, iwo ali m'gulumo. Achimwene awo anali atapita ndi amuna aja, ndiye anatsala. Anawo anawapititsa ku mishoni ina ya kumwera, kumene ukalankhula chilankhulo cha kwanu unkagona ndi njala. Mayi awo sanawaonenso. Mayiwo anamwalira iwo asanaloledwe kutuluka kumishoniko.

"Akulu aja ndi amene anandipeza, ndili kale ndi mwana. Anayenda m'mahositelo a ku Perth akufunsa. Atandipeza anandilankhula m'chilankhulo chathu, ine osamva ngakhale liwu limodzi. Anangokhala pansi n'kulira." Anapukuta m'maso ndi masiki. "Kuyambira pamenepo Lamlungu lililonse ankandiimbira foni n'kundiphunzitsa mawu. Dzina la mbalame, dzina la mtengo, mmene umaitanira azakhali ako. Ndakalamba ndikuphunzirabe. Tsopano ndikaiwala liwu ndifunsa ndani?"

Ine ndinaganiza za Yankho, amene ndikamufunsa m'Chichewa amayankha m'Chingerezi, chonsecho palibe anamugoneka ndi njala. A Malunga anadzuka n'kukaimanso kuboneti, ngakhale kunalibe choti akachite.

Dzuwa litapendeka kunaima pikapu yoyera, mbendera ziwiri zikuluzikulu zili petupetu kumbuyo kwake. Munatsika mzungu wamimba, wovala kabudula ndi chipewa chotambalala. Anati dzina lake ndi Barry, amakonza mipanda m'mafamu. Sanafunse zambiri. Anagwada m'fumbi, anadula pong'ambika paja, analumikiza ndi kachitsulo kamene anatulutsa m'bokosi mwake, anamanga, n'kuthira madzi a m'thanki yake. A Malunga atatulutsa chikwama cha ndalama, anagwedeza mutu. Anati atitsatira pambuyo mpaka ku Coolgardie kuti mwina ingaphulikenso.

Ataona kambendera ka pawindo anamwetulira. "Mwayamba kale holide? Mukasangalale Lachitatu."

"Tikupita kumaliro, mwana wanga," anatero Anti. "Achimwene anga."

Barry anavula chipewa n'kuchigwira pamimba. "Pepani kwambiri, mayi." Kenako anakakwera pikapu yake. Anatitsatira monga ananenera, ife tikuyenda ngati ngolo ya ng'ombe, ndipo pa Coolgardie analiza hutala n'kukhotera kwake.

"Munthu wabwino," anatero a Malunga.

"Ambiri ndi abwino," anatero Anti. "Ine sindinanene za anthu."

Ku Kalgoorlie tinagona kwa Shanelle, mwana wa achemwali awo a Anti, amene amagwira ntchito pakiliniki. Lamlungu magalaja onse anali otseka. Mwamuna wake anatenga a Malunga n'kuzungulira nawo m'makomo a anzake kufuna galimoto yakufa yofanana ndi yathu. Yoyamba paipi yake inali yaifupi, yachiwiri inali itaola, yachitatu munali mutaikira nkhuku, koma paipi inali yabwino. Ife tinatsala tikukanda ufa wa buledi wopita naye kumaliro. Shanelle anandifunsa za katemera, ndinamuonetsa pafoni, ndinamuuzanso kuti kuntchito anali atangondiyeza. Sanabise mawu. Anati achikulire a ku Leonora akuopa anthu ochokera ku Perth, chifukwa matendawa akalowa pakati pawo asesa, ndiye masiki tisavule ndipo tikagone patokha.

Tinanyamuka masana, Shanelle ali patsogolo ndi galimoto yake. Pa Menzies tinangoima kuyang'ana madzi mu injini. Nthaka inali itafiira tsopano, ndipo Anti anayamba kutchula zinthu za m'mbali mwa msewu m'chilankhulo chawo, chapansipansi, ngati mwana wobwereza za kusukulu.

Titakhotera mumsewu wa kunyumba ya maliro, Anti anayamba kulira galimoto isanaime, ndendende mmene timachitira kwathu tikaona denga la pasiwa. Amayi anatuluka kudzawalandira, kulira kunakwera. Ndinamanga chitenje ndi duku n'kuwatsatira. Pabwalo panali malona omangidwa pamitengo, matiresi pansi, moto wa tiyi, agalu, amayi mbali yawo, abambo mbali yawo. Tinazungulira kupereka moni kwa anamfedwa mmodzimmodzi, dzanja lofewa, maso pansi, Shanelle akutitsata ndi botolo la sanitayiza. Anti ankangouza aliyense kuti, "Awa ndi ana anga a ku Africa, andibweretsa." Palibe anafunsa zoposa pamenepo. Anatipatsa kalavani yakale, kanyumba kokokedwa ndi galimoto, kuseri kwa nyumba.

Lolemba m'mawa ndinadzuka n'kuvala za kumanda, koma ndinapeza anthu atangokhala. Shanelle ndi amene anatiuza. Kuchipululu kunagwa mvula, msewu wafumbi watsekedwa, ndipo abale a kumeneko, amene mwambo sungachitike popanda iwo, ali tsidya lina la madzi. Maliro asunthira Lachinayi.

A Malunga anangoti, "Lachinayi," n'kukhala pachitini cha mafuta.

Anti anabwera okha kukalavani kwathu. "Mwandifikitsa, zakwana. Mawa bwererani. Ine ndikhala kuno milungu ingapo, wondibweretsa apezeka. Musataye tsiku lanu chifukwa cha ine."

Atachoka tinalowa m'galimoto n'kuyatsa mphepo yozizira, kuti tilankhule zathu.

"Mwamva okha, atimasula," anatero a Malunga.

"Ndamva."

"Zaka zonsezi, mayi a Yankho. Mayeso a Chingerezi, mavisa, kuyezedwa magazi ngati ng'ombe. Tikaphonya, ndani akudziwa kuti adzatiitananso liti ndi mliri umenewu?"

"Sindikutsutsa. Kungoti kuchoka pamaliro mtembo usanaikidwe, ine miyendo ikulemera. Koma mukati tipite, tipita."

"Tipita mawa kukacha," anatero. Ndinalongedza zikwama madzulo omwewo.

Lachiwiri m'mawa, tisanatsanzike, bambo wina wachikulire, Ankolo Les, msuweni wa malemu, anapempha a Malunga kuti akathandize kukweza nkhuni pa pikapu, poti anyamata anali atapita kukaona za msewu uja. A Malunga anati ndi zakanthawi kochepa. Anabwerako dzuwa lili pamutu, malaya ali ofiira ndi fumbi. Anatsitsa nkhuni, anasamba m'manja, anabwera kudzakhala pakhomo pa kalavani. Ine ndinali ndi makiyi m'manja.

"Ankolo Les anandionetsa kaphiri kena kuseri kwa waya wa mgodi," anatero. "Akuti mayi awo anabadwira pamenepo, ndipo pali chitsime cha makolo awo. Kuti akafikepo amayenera kupempha ku ofesi, kuvala chipewa cha kampani, n'kuperekezedwa ndi mlonda. Tinangoima pawaya. Iwo analankhula ndi phirilo m'chilankhulo chawo, kuliuza kuti m'bale wawo wapita."

Anapukuta thukuta n'kupitiriza.

"Manda a agogo anga ku Thyolo mukudziwa pamene ali."

"M'kati mwa tiyi."

"Bambo anga ankavula chipewa kwa kapitawo wa esiteti kuti akalambule pamanda a bambo awo. Ine ndili pambuyo pawo, nditanyamula khasu." Anayang'ana zikhatho zawo. "Ndiye mawa ndikaime ndi mbendera, ndikuimba, pa tsiku limene waya ameneyu anayambira, anthu awa ali pasiwa? Bwezerani zikwamazo."

Anaimbira a khonsolo, okonza mwambo wolumbira uja, ataima pamwamba pa thanki, pamene netiweki inkagwira. Mayi amene anayankha anati palibe mlandu, atiika pa mwambo wina, koma sanganene kuti liti. Ine ndinaimbira abwana anga, amene sanakondwe chifukwa antchito anali ochepa, koma anavomera. Sindinganame kuti a Malunga anasangalala. Tsiku lonselo chakudya anangochitola pang'ono.

Pa 26 kunacha kotentha ngati masiku ena onse. Chakumapeto kwa tauni kunkamveka nyimbo pa zokuzira mawu, kumene ankawotcha masoseji ndi kukweza mbendera. Kwathu kuno wina anali atakoleka pampanda mbendera ina, yakuda pamwamba, yofiira pansi, dzuwa lachikasu pakati. Panalibe zolankhula kapena kuguba. Amayi achikulire analira m'mawa monga ankachitira tsiku lililonse, koma tsiku limenelo kulirako kunatalika, ndipo Anti anandinong'oneza kuti akulirira ndi ena akale, amene alibe manda odziwika.

Ndinakumbuka 3 Malichi ndili mwana, tsiku la ofera dziko. Mudzi unkangoti zii, kumunda kosapita, mpira wosasewera, wailesi ikuimba zachisoni mpaka madzulo. Ndinadzifunsa kuti zikanakhala bwanji atsamunda akanakhazikika kwathu, n'kutichulukira, n'kusankha tsiku limene anafika kuti likhale la magule, ife tizimva ng'oma kuseri kwa mpanda. Zaka zonse zimene ndinawotcha nyama kupaki funso limeneli linali lisanandifikepo.

Nthawi imene tikanakhala tikulumbira, a Malunga anali akuwaza nkhuni ndi Ankolo Les, ine ndikusenda mbatata ndi amayi. Chakumasana tiana ta pamalirowo tinabwera kuchokera kutauni kuja, kalikonse kali ndi soseji m'buledi, kena katapakidwa mbendera patsaya. Ndinayang'ana Anti kuti ndione ngati akwiya. Anaseka koyamba chichokereni ku Perth.

"Soseji ndi soseji," anatero. "Akakula adzasankha okha."

Abale a kuchipululu anafika madzulo a tsiku lomwelo, galimoto zitatu zamatope mpaka padenga, ndipo kulira kunayambiranso. Lachinayi tinaika maliro. Abusa analalikira mwachidule chifukwa cha dzuwa, anthu anaimba m'chilankhulo chawo, kenako aliyense anadutsa kuponya dothi. Nditatapa langa, dzanja linakana kutseguka. Dothi limene sindinaponye ku Dedza linali limenelo. Ndinalira mokweza, m'Chichewa, ndikuitana mayi anga pamanda a munthu amene dzina lake sindilidziwa mpaka lero. Palibe anadabwa. Mayi wina amene sindinkamudziwa anandigwira m'chiuno n'kundiyendetsa kubwerera pamthunzi.

Lachisanu tinatsanzika. Anti anatsala, monga ananenera. Ankolo Les anapatsa a Malunga mchira wa kangaru wokulunga m'nyuzipepala, n'kuwauza kawotchedwe kake. Paipi ya m'galimoto ya nkhuku ija inagwira bwino njira yonse.

Titayandikira Kalgoorlie netiweki inabwerera, mafoni onse awiri anayamba kulira ngati anapiye. Pagulu la Amalawi panali zithunzi za kupaki, anzathu awiri amene analumbira atanyamula zikalata zawo, ndi mauthenga ofunsa kuti a Malunga ali kuti. Tisanawerenge onse, anaimba a Chirwa, wapampando wa gulu lathu. A Malunga anaimika galimoto pansi pa mtengo n'kuika foni poti tonse timve.

"Achimwene, mwatichititsa manyazi," anatero a Chirwa. "Keke tinagula, dzina lanu lili pamwamba. Tamva zoti muli kutchire. Mwasiya unzika chifukwa cha chiyani?"

A Malunga anafotokoza zonse mwadongosolo, za aneba athu, za mvula, za waya wa pamgodi. Anamaliza ndi kuti, "Kwathu munthu amadziwika kuti ndi wa pamudzi akayamba kupezeka pamaliro. Pepala lidzabwera. Ndipo a Chirwa, ine ndikupempha kuti chaka chamawa nyamayi tidzawotche tsiku lina. Pa 26 eni dziko amakhala akulira."



"Ndiye inu mwapita kumaliro a aneba osanena pagulu?" anatero a Chirwa. "Mwakakhala pasiwa sabata yathunthu manja ali lende, ngati mulibe anthu?"

"Zinachitika mwadzidzidzi."

"Za kusuntha tsikuzo ndi nkhani ya pamsonkhano, ndipo Amalawi mukuwadziwa, tikakangana mpaka Disembala. Ine ndemwe sindinaganizepo. Koma chipepeso sichidikira msonkhano. Mayiwo akabwera mutiuze. Amamwa tiyi wa masamba kapena wa timatumba?"

"Wa masamba," ndinayankha ine.